Mafupa a Alendo Abwerera Kwawo, Nanga Eni Dziko?

Kwa Olemekezeka Pulezidenti wa South Korea, Mtsogoleri wa North Korea a Kim Jong Un, Pulezidenti wa America, ndi Pulezidenti wa China a Xi Jinping,

Zikomo akuluakulu. Ndikudziwa kuti kalata ya munthu wamba, yolembedwa m'Chichewa, singafike msanga pa matebulo anu. Ndalembabe, chifukwa nkhani imene ndabwera nayo, ya mabanja amene nkhondo ya ku Korea inawalekanitsa, ikutha pamodzi ndi eni ake, ndipo eni akewo akadzatha sipadzakhalanso choti mukonze.

Mu Ogasiti 2018, ku phiri la Kumgang ku North Korea, gogo wina wa zaka 92 anathamangira bambo wa imvi wa zaka 71, n'kumukumbatira uku akumuitana dzina lake. Anali mwana wake womubereka yekha. Anasiyana mwanayo ali ndi zaka 4, pa chipwirikiti chothawa nkhondo: mayi anaoloka ndi khanda, mwana wamwamuna anatsala ndi bambo ake. Zaka zonsezo mayi sankadziwa ngati mwana ali moyo. Munawapatsa masiku atatu, ndipo mwa masiku atatuwo nthawi yokhala pamodzi sinapitirire maola 12. Kenako basi inaliza injini, okalamba akugunditsa zikhatho pa magalasi, ena kunja ena m'kati. Chiyambire mwezi umenewo palibenso banja ndi limodzi lomwe limene maboma anu alilola kuonana.

Ine ndine Mchewa, ndipo mzere wojambulidwa ndi alendo ife timaudziwa. Atsamunda a ku Britain ndi Portugal atagawana dziko kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mtundu wathu unangopezeka uli m'mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, makolo athu osafunsidwa. Koma mzere wathu uli ndi makomo. Uthenga wa maliro ukabwera kuchokera ku Chipata kapena ku Angonia, munthu amakwera minibasi kapena kupalasa njinga, n'kukagona pa siwa ndi abale ake. Chaka ndi chaka timasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, a mayiko onse atatu. Ndiye ndikamva kuti kuli anthu a chinenero chimodzi amene kwa zaka zoposa 70 sangalemberane kalata, sangaimbirane foni, sangamve ngakhale kuti mayi awo anatsikira liti kulichete ndipo manda awo ali pati, mtima wanga sukhala m'malo. Kwathu timadandaula za mtchona amene anapita ku Joni osabwerako. Komatu mtchona njira yobwerera amakhala nayo. Awa anachita kuwatsekera.

Ndipo amene anayamba kutseka si iwo. Korea linakhala dziko limodzi kwa zaka pafupifupi 1,000. Tsoka lake ndi pamene linakhala, pakati pa China, Japan ndi Russia. Eni ake ali ndi mwambi wakuti anamgumi akamalimbana, chothyoka msana ndi kanyama kakang'ono ka m'madzi, monga ife timanenera za njovu ndi udzu. China ndi Japan analimbirana Korea mu 1894 ndi 1895, nkhondo yake ikumenyedwa m'minda ya eni dziko. Japan ndi Russia anachitanso chimodzimodzi mu 1904 ndi 1905. Japan itapambana inayamba kulamulira zochita za Korea, America ndi Britain akuvomereza, ndipo mu 1910 inalimeza lonse. Kwa zaka 35 anthu anaona zakuda. Chinenero chawo chinathamangitsidwa m'sukulu, mu 1940 anakakamizidwa kutenga mayina a Chijapani, amuna anatengedwa kukakumba malasha, atsikana anatengedwa kukagwiriridwa ndi asilikali. Ku Cairo mu 1943, atsogoleri a America, Britain ndi China, Roosevelt, Churchill ndi Chiang Kai-shek, analonjeza kuti Korea idzamasuka nthawi yake ikadzakwana. Yodziwa nthawiyo anali iwo, osati eni dziko.

Usiku wa pa 10 Ogasiti 1945, ku Washington, asilikali awiri audindo, Dean Rusk ndi Charles Bonesteel, anauzidwa kuti apeze msanga poti asilikali a Soviet Union, amene anali akulowa kale kumpoto, alekezere. Analowa m'chipinda ndi mapu a magazini ya National Geographic. Anafuna kuti likulu, Seoul, ligwere mbali ya America, ndiye analoza mzere wa 38, umodzi mwa mizere yopingasa imene imajambulidwa pa mapu, umene unali kale pa mapupo. Ntchito yonse inatenga ngati theka la ola. M'chipindamo munalibe munthu wa ku Korea ndi mmodzi yemwe, ndipo awiriwo sanali akatswiri a dzikolo. Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anavomera. Mzerewo sunatsate mtsinje, sunatsate phiri, sunatsate malire a mafumu kapena a maboma. Unangodutsa pakati pa minda, njanji, misewu ndi midzi, ngati mpeni pa dzungu. Masiku asanu pambuyo pake Japan inagonja, anthu anavina m'misewu kuti ufulu wafika, osadziwa kuti dziko lawo lagawidwa kale. Pa 8 Sepitembala asilikali a America anatsika pa doko la Incheon motsogozedwa ndi John Hodge, n'kulamulira kumwera zaka zitatu, pomwe a Soviet Union ankalamulira kumpoto.

Sikuti eni dziko anangokhala chete. Kim Ku, nkhalamba imene inatha moyo wake wonse ikulimbana ndi Japan, anaoloka mzerewo mu Epulo 1948 kupita ku Pyongyang kukayesa kuletsa kuti pasakhale maboma awiri. Analephera, ndipo chaka chotsatira anaomberedwa m'nyumba mwake ku Seoul. Pa chilumba cha Jeju, anthu amene anaukira pa 3 Epulo 1948, mwa zina pokana chisankho cha mbali imodzi, anathiridwa moto, ndipo lipoti la boma la South Korea la mu 2003 linati ofa anali pakati pa 25,000 ndi 30,000. Kupha kumeneku kunayamba ulamuliro wa asilikali a America usanathe. Maboma awiri anabadwabe, la Syngman Rhee kumwera pa 15 Ogasiti 1948 ndi la Kim Il Sung kumpoto pa 9 Sepitembala, aliyense akulumbira kuti dziko lonse ndi lake.

Za nkhondo imene inatsatira, aliyense wa inu amaphunzitsa ana ake gawo limene limamukomera. Ndiloleni nditchule zimene mumalumpha.

A Kim, amene anayamba kuoloka mzere pa 25 Juni 1950 ndi agogo anu a Kim Il Sung, ndi akasinja ochokera ku Soviet Union, Stalin atapereka chilolezo ndipo Mao, mtsogoleri wa China, atavomereza. Asilikali awo atalanda midzi ndi mizinda ya kumwera anapha anthu owaganizira kuti ndi a boma, ndipo ena, oposa 80,000 malinga ndi ndandanda za kumwera, anawatenga kupita nawo kumpoto osabwereranso. Inu a ku Seoul, asilikali a boma lanu anaphulitsa mlatho wa pa mtsinje wa Han m'bandakucha wa pa 28 Juni anthu othawa ali pomwepo, mazanamazana n'kufa. M'miyezi yomweyo apolisi ndi asilikali anu anapha anthu zikwizikwi amene mayina awo anali m'kaundula wa Bodo League, wa anthu owaganizira kuti ndi achikomyunizimu, popanda kuwazenga mlandu, n'kuwakwirira m'maenje ngati a ku Daejeon. Inu a ku Washington, kuyambira pa 26 mpaka pa 29 Julayi 1950 asilikali anu anaombera anthu othawa nkhondo amene anabisala pansi pa mlatho wa njanji ku No Gun Ri, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba. Opulumuka anadandaula zaka makumimakumi osamveka, mpaka atolankhani a Associated Press ataulula mu 1999. Pulezidenti Clinton anati akumva chisoni, koma kupepesa ayi. Ndege zanu zinaponya matani 635,000 a mabomba, kuposa onse amene munaponya pa nkhondo yolimbana ndi Japan m'dera lonse la Pacific, kuphatikizaponso matani oposa 32,000 a napalm, mafuta oyaka omata pakhungu. Mizinda ya kumpoto inasanduka phulusa, anthu akukhala m'mapanga, ndipo mu Meyi 1953 munaphulitsa madamu othirira mpunga. A Xi, asilikali a dziko lanu anaoloka mtsinje wa Yalu mu Okutobala 1950 motsogozedwa ndi Peng Dehuai, MacArthur, mkulu wa asilikali wa ku America, atayandikira malire anu, ndipo mwa kuwerenga kwanu komwe oposa 180,000 anafera komweko, mwana wa Mao ali m'gulu. Mzinda wa Seoul unasintha eni kanayi pasanathe chaka.

Nafenso a ku Africa tinalimo. Mwa mayiko 16 amene anatumiza ankhondo pansi pa mbendera ya United Nations munali Ethiopia, ndi gulu lake la Kagnew, komanso South Africa, ndi oyendetsa ndege zankhondo. Nkhondo ya pa kadziko kamodzi inasonkhanitsa dziko lonse lapansi, ndipo anthu pafupifupi mamiliyoni atatu anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba.

Mabanja anabalalika m'kati mwa zimenezi, nkhondo ikupita kumwera, kubwerera kumpoto, kutsikanso kumwera. Mu Disembala 1950, pa doko la Hungnam, anthu pafupifupi 100,000 anakwezedwa m'sitima za pamadzi pamene asilikali a America ankathawa a China. Sitima imodzi yonyamula katundu, Meredith Victory, inalonga anthu 14,000 ataimirira mothithikana, ndipo ana asanu anabadwira m'menemo isanafike pa chilumba cha Geoje. Taganizani za m'mene zinkakhalira pa dokopo. Bambo akwera, mayi watsala akufunafuna mwana. Mnyamata auzidwa ndi makolo kuti thawa iwe, asilikali angakugwire, ife tisunga pakhomo. Ochuluka mwa okalamba amene amafotokoza za masiku amenewo amanena chinthu chimodzi, kuti ankayesa ndi ulendo wa masiku owerengeka, nkhondo ikadutsa abwerera. Ena sanatsanzike n'komwe. M'gulu la othawa pa Hungnam munali makolo a Moon Jae-in, amene anadzakhala Pulezidenti wa South Korea. Mayi ake anaonana ndi mng'ono wawo kamodzi kokha, mu 2004, ndipo anamwalira mu 2019 osapondanso kwawo.

Pa 27 Julayi 1953, patatha zaka ziwiri za zokambirana, William Harrison wa ku America ndi Nam Il wa kumpoto anasaina pangano ku Panmunjom, kamudzi ka pa malire, kenako Mark Clark wa ku America, Kim Il Sung ndi Peng Dehuai anaikapo manja awo. Syngman Rhee anakana. Silinali pangano la mtendere, linali longoti mfuti zikhale chete. Ndime 60 ya panganolo inati pasanathe miyezi itatu pakhale msonkhano wa andale wokambirana zochotsa asilikali onse achilendo ndi kuthetsa nkhaniyo mwamtendere. Msonkhano unachitika ku Geneva mu 1954 n'kutha popanda kanthu. Miyezi itatu ija lero yasanduka zaka zoposa 70. Pali ndime inanso imene simuitchula kawirikawiri, ndime 59, imene inalonjeza kuti anthu wamba amene nkhondo inawakankhira tsidya lina adzaloledwa ndi kuthandizidwa kubwerera kwawo akafuna. Amene anabwerera kudzera m'ndime imeneyi anali ochepa zedi. Kwathu timati mlandu suola. Ndime imeneyi ili ndi siginecha ya Pyongyang, ya Beijing ndi ya mkulu wa asilikali wa ku America, ndipo ngongoleyo simunabweze.

Kukula kwa bala kunaonekera mu 1983. Pa 30 Juni wailesi ya kanema ya KBS inayamba pologalamu yothandiza anthu amene anatayana pa nkhondo koma onse ali kumwera komweko. Inakonzedwa kuti ikhale ya usiku umodzi. Anthu anakhamukira ku likulu la wailesiyo atanyamula zikwangwani zolembedwa dzina, mudzi, chipsera cha pa mwendo, malo amene anasiyanirana. Makoma onse anadzaza mapepala mpaka pansi. Pologalamuyo inatha masiku 138, maola oposa 453, ndipo mabanja 10,189 anapezana. Amenewo anali a mbali imodzi, amene ankangosowa wowalumikiza. A tsidya lina analibe poikira chikwangwani.

Kuonana kwa mbali ziwiri kunayesedwa kamodzi mu 1985, kenako kunayamba mwadongosolo mu 2000, Kim Dae-jung wa kumwera ndi Kim Jong Il wa kumpoto atakumana ku Pyongyang. Kuyambira pamenepo mpaka 2018 panachitika maulendo 21, anthu pafupifupi 20,000 a mbali zonse n'kuonana maso ndi maso. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Kumwera kokha, amene analembetsa kuti akufuna abale awo ndi pafupifupi 134,000. Ulendo uliwonse unkatenga mabanja ngati 100 mbali iliyonse, ndipo kumwera ankasankhidwa mwa maere a pa kompyuta. Nkhalamba ya zaka 90 inkapita ku ofesi ya Red Cross kukamva ngati dzina lake latuluka, n'kubwerera ikukwakwaza ndodo. Amene mwayi unamugwera ankaonana ndi m'bale wake kamodzi, basi, ndipo pambuyo pake panalibe kalata kapena foni, moti ena ankati kusiyana kwachiwiriko kunawawa kuposa koyamba. Lero mwa olembetsa aja amoyo sakukwana 40,000, ambiri apitirira zaka 80, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 3,000 akumwalira. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene nthumwi zanu zikhala osalankhulana, anthu oposa 200 amaikidwa m'manda funso lawo lili kukamwa.

Chimene chandilembetsa kalatayi makamaka ndi ichi. Mwaonetsa kale kuti mukafuna, mzerewo umatseguka. Kuyambira 2014, South Korea yakhala ikufukula mafupa a asilikali a China, kuwasambitsa, kuwaika m'mabokosi n'kuwapereka mwaulemu pa bwalo la ndege la Incheon. Chaka choyamba anali 437, ndipo pano apitirira 900. Ku Shenyang amalandiridwa ndi mbendera ndi malipenga. Pa 27 Julayi 2018 North Korea inapereka mabokosi 55 a mafupa a asilikali a America, ndege n'kuwanyamula kupita nawo ku Hawaii. Zimenezi ndi zabwino ndithu, ndipo sindikuzinyoza, pakuti ife Achewa tikudziwa kufunika kwakuti munthu akagone kwawo. Koma onani chimene chachitika. Alendo amene anabwera ndi mfuti, akufa, apeza njira yobwerera kwa abale awo. Eni dziko amene sanagwire mfuti, amoyo, njira alibe. Mu 1998 Chung Ju-yung, amene anayambitsa kampani ya Hyundai, yemwe ali mnyamata anathawa kwawo kumpoto ndi ndalama za ng'ombe ya bambo ake, anaolotsa ng'ombe 1,001 pa Panmunjom. Mu Epulo 2018 a Kim ndi a Moon anagwirana manja n'kudumpha mzerewo uku ndi uku. Mu Juni 2019 Pulezidenti Trump naye anaudumpha. Pamalo pamenepo mzerewo ndi kasimenti kotalika osafika m'bondo. Ng'ombe zaoloka, mafupa aoloka, atsogoleri aoloka.

A Kim Jong Un, ndiyamba ndi inu chifukwa chitseko chimene chakhomedwa kwambiri ndi chanu. Mantha a dziko lanu ndikuwamvetsa. Anthu amene anaona mizinda yawo ikupsa psiti, amene anakhala moyang'anizana ndi zida za nyukiliya za America zimene zinali kumwera kuyambira 1958 mpaka 1991, sangaiwale msanga. Koma gogo wa zaka 90 si kazitape. Pa 19 Sepitembala 2018 ku Pyongyang munasaina nokha kuti mutsegula nyumba yokhazikika yokumaniranamo mabanja ku Kumgang, ndiponso kuti muyamba ndi kuonana pa kanema ndi kutumizirana mauthenga ojambulidwa. Palibe chimene chinachitika. M'malo mwake mu Juni 2020 munaphulitsa ofesi yolumikizirana ya ku Kaesong, mu 2024 munalengeza kuti a kumwera si abale anunso koma dziko lina la adani, n'kugwetsa chipilala cha umodzi ku Pyongyang ndi kuphulitsa misewu yopita kumwera, ndipo mu Febuluwale 2025 boma la Seoul linanena kuti mwayamba kugumula nyumba ya mabanja ija. Ngati mwasankha kuti mayiko ndi awiri, chabwino, akhale awiri. Germany inali mayiko awiri odana, koma makalata ankayenda, ndipo kuyambira 1964 boma la East Germany linkalola okalamba opuma ntchito kukaona abale awo kuzambwe. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo lamulo la chipani silingasandutse mwana wa munthu kukhala mlendo kwa mayi ake. Munapeza sitima zotumizira anyamata anu kukamenya nkhondo ya Russia ku Kursk. Zimandipweteka kuti dziko limene linavutika chonchi ndi asilikali achilendo latumiza ana ake kukafera nkhondo ya eni, monga momwe kumwera kunatumizira oposa 300,000 ku Vietnam. Mabasi khumi opita ku Kumgang sangakukanikeni.

Bwana Pulezidenti wa ku Seoul, boma lanu ndilo lakhala likupempha kawirikawiri, ndipo zimenezo ndikuzivomereza. Mwajambula mauthenga a okalamba zikwizikwi pa kanema ndi kusunga zoyezera magazi awo kuti ana adzapezane eni ake atapita. Koma nkhaniyi kwanuko imasinthasintha ndi chisankho. Boma lina likalowa limatambasula dzanja, lina likalowa limalipinda, ndipo a kumpoto aphunzira kungodikira kuti nyengo isinthe. Gwirizanani zipani zonse kuti nkhani ya mabanja isakhudzidwe ndi aliyense wolowa m'boma. Perekani ndandanda yonse ya amoyo ndi akufa kudzera ku Red Cross popanda kudikira kuti a kumpoto ayambe ndiwo. Ndipo nkhalamba imene yapeza njira yakeyake yofikira m'bale wake kudzera ku China muithandize, malamulo anu oletsa kulumikizana ndi kumpoto asaiopseze.

Bwana Pulezidenti wa America, mzerewu unajambulidwa m'maofesi a boma lanu. Lero muli ndi asilikali pafupifupi 28,500 ku South Korea, ndipo nkhondo itati ibuke, wolamulira magulu ankhondo a mayiko awiriwa adzakhala mkulu wa asilikali wanu. Choncho musanene kuti iyi ndi nkhani ya eni okha. M'dziko lanu lomwelo muli nzika zochokera ku Korea zimene zili ndi abale kumpoto. M'maulendo 21 aja munalibe malo awo, ndipo kuyambira Sepitembala 2017 pasipoti ya America siloledwa kupita ku North Korea popanda chilolezo chapadera. Afewetsereni lamulo limeneli okalambawa. Nthumwi zanu zikakhala pansi ndi a kumpoto, nkhani ya mabanja izikhala pa tsamba lakelake, isamamangiriridwe ku nkhani ya nyukiliya. Tinaona ku Hanoi mu Febuluwale 2019: zokambirana za zida ndi zilango za chuma zitasokonekera, zonse zinagwera limodzi, ndipo amene anaphwanyika pansi pake ndi okalamba amene sanali pa tebulopo. Komanso mawu akuti nkhondo ya 1950 yatha, amene a Moon ndi a Kim analonjeza ku Panmunjom kuti alengezedwa m'chaka cha 2018, sangamveke popanda inu. Kunena kuti nkhondo yatha sikutaya chida chilichonse. Kukana kunena ndiko kumapatsa a kumpoto chifukwa chotsekera zitseko.

A Xi Jinping, asilikali anu anachoka kumpoto mu 1958, koma dzanja lanu lidakalipo, pakuti pafupifupi malonda onse akunja a North Korea amadutsa kwa inu. Inuyo nkhaniyi mukuidziwa bwino kuposa ena onse. Mu 1987 asilikali okalamba amene anathawira ku Taiwan ndi Chiang Kai-shek anayamba kuloledwa kubwera kudzaona midzi yawo, popanda pangano la mtendere, popanda Beijing ndi Taipei kuvomerezana kuti boma lenileni ndi liti. Zinatheka chifukwa mbali zonse zinaona kuti anthuwo akutha. Kwa zaka zambiri mabanja a ku Korea akhala akukumana mobisa m'mizinda yanu ya m'malire monga Dandong ndi Yanji, atalipira madobadoba ndalama zochuluka, ali ndi mantha ogwidwa. Perekani nyumba imodzi m'mizinda imeneyi, yoyang'aniridwa ndi Red Cross, kumene angakumanire masana poyera. Mukalankhula inu, a ku Pyongyang amamva. Ndipo amene athawira kwanu musamawabweze kumene akukazunzidwa.

Sindikupempha kuti mugwirizanitse mayiko awiriwa mawa. Zimenezo ndi za eni dziko, ndipo alendo alankhulapo kale mokwanira. Sindikunenanso kuti nkhani ya zida ndi yaing'ono, poti North Korea yaphulitsa mabomba a nyukiliya oyesera kasanu ndi kamodzi kuyambira 2006. Koma nkhani ya zida idzakhalapobe zaka khumi zikubwerazi, pomwe okalambawa sadzakhalapo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukadzagwirizana pambuyo pake, mudzasonkhanitsa zidzukulu zosadziwana, zitanyamula zithunzi za anthu akufa.

Ku Imjingak, pafupi ndi waya wa malire, kuli guwa lotchedwa Mangbaedan. Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok ndi pa chaka chatsopano, pamene banja lililonse la ku Korea limapita kumudzi kukalambula manda ndi kugwadira makolo, amene kwawo ndi kumpoto amabwera pa guwa limeneli. Amayala zipatso, mpunga ndi mowa, n'kugwada chamutu atayang'ana kumpoto. Ambiri sadziwa ngati akugwadira akufa kapena akupereka moni kwa amoyo. Chaka chilichonse obwera akucheperachepera, ndipo ochuluka akubwera pa njinga za olumala, akukankhidwa ndi ana awo.

Chuseok wina asanafike, sinthanani mayina. Kumwera kuli ndandanda, kumpoto kuli makaundula a boma amene amadziwa munthu aliyense ndi mudzi wake. Uzani aliyense wa okalambawa ngati amene akumufuna ali moyo. Ngati ali moyo, mulole kalata idutse pa Panmunjom, ndipo makina a kanema amene munagwiritsa ntchito kuyambira 2005 mpaka 2007 ayatsidwenso kaamba ka amene sangathenso kukwera basi. Ngati anamwalira, nenani tsiku ndi malo a manda ake, kuti wotsalayo adziwe tsiku loyala mphasa n'kulira maliro a m'bale wake.

Ine wanu mwaulemu,
Mchewa wa m'malire a Malawi ndi Zambia